Elifala m'Ngalande ya Apongozi

Zimene amayi akhala akunong'onezana pachitsime kuno ku Malomo n'zoona ndithu: Elifala anakumbatira apongozi ake masanasana, anthu akuona.

Elifalayo ndi mkamwini wa aNambewe, mwamuna wa Manesi. Ulemu wake ndiye osanena. Akaona apongozi akubwera panjira, ankapatukira kutchire, kaya kuli chitedze. Ankachita zonsezi kuti akadzapempha chitengwa, amulole kutenga Manesi kupita naye kwawo ku Mponela.

Tsono chaka chino cha nkhondo ya Jeremani, azungu ayamba kuphunzirira ndege zawo m'mapiri athu ano. Tsikulo Elifala ankapalira fodya kumunsi kwa munda, aNambewe ali kumtunda, motalikirana monga mwa mwambo. Kenaka wuuu! Ndege ziwiri zinatulukira kuseri kwa phiri, ina ili pamchira pa inzake ngati kabawi pa mwanapiye. Yothamangitsidwayo inakwera mwadzidzidzi, n'kutembenuka chagada, mimba kumwamba, n'kutsikira kumbuyo kwa inzakeyo. Ndiye zonse zinatsata chigwa zili pansipansi, fodya yense kugona, mutu wa mzungu ukuoneka bwinobwino.

Elifala khasu uko! Anathamanga osaona kolowera, n'kudziponya m'ngalande. Chimene anapezamo anachikumbatira zolimba, atatsinzina.

"Mayo ine! Ndafa ine!" anakuwa Elifala.

Phokoso litazilala, anamva mawu pakhutu penipeni.

"Bambo, zapita. Tandisiyani ndipume."

Anali aNambewe, dothi lili mbuu kumaso, mpango utagwa.

Elifala anasowa poyang'ana. Anatuluka chokwawa, chafutambuyo, akuwomba m'manja. Mwatsoka, mlamu wake Stefano anali pachulu, akugwira nthiti ndi kuseka.

"Alamu, kodi kwanu ku Mponela mumati mukakwatira mwana, mayi ake n'chiwongolero?"

Kuyambira tsikulo Elifala amadyera kuseri kwa nkhokwe. Kutchalitchi amalowa nyimbo itayamba, n'kutuluka Ameni asanathe. Ana akamuona amatambasula manja, akulira ngati ndege. Chomupweteka koposa n'chakuti aNambewe sanadandaule kwa munthu aliyense.

Dzulo ankhoswe anabwera kudzanena kuti a kuchikazi adzasonkhana Loweruka kumva za chitengwa chija, ndipo aNambewe adzakhalapo. Elifala anangoti mutu ukumupweteka.

"Mutuwo upole msanga," anatero Manesi. "Mukapanda kupita, tidzakalambira pompano, ine ndi inu ndi amayi."

Mpaka pano Elifala akuti mutuwo sunapole. Kodi inuyo mukanakhala Elifala, mukanapita kukagwada pamaso pa aNambewe Lowerukalo?