Waya Wachinayi wa Ngolo ya a Safeli

"Adada, nanga ngoloyi imadziwa bwanji kuti mukufuna kukhota?"

Temwa anafunsa zimenezo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo bambo ake, a Safeli, anaseka mpaka kutsokomola. Tsopano, patatha masiku anayi chiwaikireni m'manda, Temwa, ali wamkulu, anali atagwada kumbuyo kwa ngolo yomweyo, yokokedwa ndi njinga yamoto, mawaya ali m'manja. Makoswe anali atawaduladula nthawi imene bambo akewo ankadwala.

A Lazarus, abambo ake aang'ono, anali atagamula m'mawa. "Ngolo yopanda magetsi apolisi a pa Boma sangaisiye. Ikayaka lero, ndi yako. Ikakana, Loweruka ndigulitsa pamodzi ndi njinga yamotoyo."

Mawaya onse anali akuda, ochotsa m'mawailesi akale. A Safeli ankawasiyanitsa ndi mfundo: imodzi kumanzere, ziwiri kumanja, zitatu buleki. Temwa analumikiza, n'kukulunga tepi. Mayi ake ataponda buleki, babu lofiira linayaka, azimayi okhala pamphasa n'kuomba m'manja.

Koma panatsala waya wachinayi, wopanda mfundo, wolowera kunsi kwa benchi ya m'ngolomo.

"Udule, ngwachabe," anatero a Lazarus.

"Pepani bambo, asadule," anatero a Enock, agolosale ochokera ku Thyolo, oyandikana nawo nyumba. "Taulumikiza, mwanawe."

Atalumikiza, a Enock anapapasa kunsi kwa benchi n'kudina kabatani. Pachiwongolero cha njinga panayaka kababu kachikasu.

A Enock anati, "Malemuwa ankati wodwala amene amunyamula m'ngolomu sangakuwe kuposa injini. Mabampu akamupweteka, azingodina apa, iwo achepetse liwiro. Mayi akunyumba, a Tracy, tikupita kukachira mwana woyamba uja, anadina kuchokera pano mpaka pageti pa chipatala. Mkuluyu anatsika akuti, 'Alamu, mwana mubereka ndinu, koma batire mwapha langa.'"

Pabwalo ponse panagwa phwete. Mayi a Temwa anaseka atadziphimba ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

A Lazarus anawerama, n'kudina okha kawiri. Anayang'ana kababu kaja nthawi yaitali, kenako anapisa m'thumba.

"Yayaka. Makiyi ako awa."

Anthu atabalalika, a Enock anatsalira kuthandiza Temwa kupinda mawaya otsala.

"A Tracy ali ndi pakati pena," anatero chapansipansi. "Mwezi wamawa."

"Tsikulo mudzangogogoda, a Enock. Koma mukawauze adzadine mwachifundo."

"Zimenezo sindingalonjeze. Koma babu lina ndikusungira m'golosale."

"Yewo," anathokoza Temwa, n'kuwagwira chanza.