Kanyali ka m'Galimoto ya Bambo a Yankho

Galimoto imeneyo amuna anga, bambo a Yankho, anabwera nayo kuchokera ku Joni, n'kuiimika pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu pano ku Mlangeni. Pobwerera kuntchito anandisiyira lamulo: "Mayi a Yankho, m'mawa uliwonse muziiliza, batire ingafe. Koma wina asaiyendetse. Ndi ya mwana wathu akadzakula."

Ine kumvera kwake ngati mwana wa kwaya. Ndisanasese pabwalo ndinkavundukula lona, kupotoza kiyi, n'kuisiya ikulira mpaka madzi osamba atafunda. Petulo akasowa ndinkagula wa m'zigubu kwa anyamata a m'malire. Zaka zinadutsa choncho, matayala osasuntha.

Amunawo anabwerako ali m'bokosi. Pamaliro m'pamene galimoto inayenda, kututa nkhuni ndi ufa, akuyendetsa alamu anga a Edson, akulu awo a malemu. Tsiku loika, kanyali kachikasu kanayaka kuseri kwa chiwongolero, osazimanso.

"Mwaona?" anatero a Edson pamaso pa anthu. "Mkazi ndi galimoto wapi ndi wapi? Tikamadzabwera kudzakusudzulani ndikadzapeza kanyali aka, ndidzaitenga ndikaisamalire ndekha."

Kusamalira kwa a Edson tikukudziwa ife. Njinga ya malemu apongozi anaisamalira mpaka lero sitinaionenso.

Wamasiye sayendayenda, ndiye ndinakhala pakhomo mtima uli m'mwamba. Sabata ya kusudzula itakwana, mwambo uli Loweruka, ndinalephera kupirira. Ndinaitanitsa a Sungani, makaniko wa pa boma, n'kuwauza za alamu anga. Anadzaitenga, ine nditakhala pambali nditafunda chitenje kumutu ngati wakuba.

Kugalaja analumikiza kakompyuta kunsi kwa chiwongolero, n'kukayang'anitsitsa.

"Mayi, ikudandaula katalisiti."

"Ndiye ndani ameneyo?"

Anandionetsa kunsi kwa galimoto, chotupa chachitsulo pa paipi ya utsi. Akuti m'kati mwake muli tizibowo ngati chisa cha njuchi, totsuka utsi usanatuluke. Ndinati chabwino, tsukani. Iwo anati dikirani, mwina wabodza ndi sensa, kachipangizo koyeza utsiwo. Anayesa masensa onse awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo: abwinobwino. Anatseka paipi ndi chisanza kuti amve ngati utsi ukuthawira penapake: ayi ndithu. Pomasula mapulagi, anatuluka akuda bii ngati kunsi kwa mphika.

"Galimoto iyi imayenda maulendo otani?"

"Siyenda," ndinayankha monyadira. "Koma sinagonepo tsiku osalizidwa. Ndi manja angawa."

A Sungani anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Mayi, musandide. Chaipha n'chomwecho. Katalisiti amafuna kutentha kwa pamsewu. Mukamangoliza itaima, mwaye umadzaza, mapulagi amada, petulo wosapsa amatsikira mommo. Kuwonjezera wa m'zigubu uja. Wafa pang'onopang'ono ameneyu."

Mayo ine! Ndinakhala pa thayala lakutha, mafuta ndi chitenje changa chakuda osasamalanso. M'mawa wonse uja ndinkadzuka ndi chisanu cha kuno n'kumati ndikusunga chuma cha mwana, osadziwa kuti ndikuchipha ndekha.

"Ikani wina," ndinatero.

"Woyenera galimoto iyi pa Ntcheu pano palibe. Ndaimbira ku Lilongwe, akuti mpaka kuitanitsa kunja. Loweruka lino simungamuone."

"Ndiye chotsani, mutaye!"

"Ndikagogomola m'katimo izilira ngati thirakitala, kanyali kali pompo. Alamu anuwo amva isanafike n'pakhomo pomwe."

Anaika mapulagi atsopano, kenaka anadina pa kakompyuta kaja. Kanyali kanazima. Ndinatsala pang'ono kululutira.

"Musakondwe, mayi. Ndangoiiwalitsa, sindinachiritse. Ulendo woyamba imangokayikira. Wachiwiri imanena."

Woyamba unali womwewo wobwerera ku Mlangeni. Ndinaivundikira lona bwinobwino n'kupempha Mulungu kuti Loweruka pasapezeke wofuna kupita kulikonse.

Loweruka abale a malemu anafika, mwambo unayenda bwino, anandimasula. Kenaka a Edson anati tione katundu. Analowa m'galimoto, kiyi pote, injini n'kulira mosalala, kanyali zii. Anayang'ana, anayang'ananso. Yankho, amene ndevu zangoyamba kumera, anandigwira dzanja.

"Mwayesetsa, alamu," anatero a Edson, nkhope itagwa. Koma azakhali ena, pakamwa ngati wailesi, anafuula ali pamphasa: "Nanga alendo adyera chiyani? Thamangirani pa boma mukagule nyama, galimoto ilipo!"

Ndikanati chiyani ine? Ndikanakaniza, akanati ndikubisa kanthu. Ndinakwera kumbuyo. Msewu wonse maso anga anali kuseri kwa chiwongolero, pakamwa pakuyenda Atate Wathu. Tinadutsa ogulitsa kachewere, tinadutsa ogulitsa kabichi. Nyumba za pa boma zitayamba kuoneka, kanyali kaja ng'anii.

A Edson sanakalipe. Anangoloza ndi chala, n'kumwetulira.

Kunyumba anafunsa pagulu kuti waiwononga ndani. Yankho anatsegula pakamwa, ine ndinamutsina. Ndinene kuti ndi lamulo la m'bale wawo, munthu amene dothi la pamanda pake silinaphwe? Ndinaloza pachifuwa panga.

Madzulo a Edson anakweza azakhali aja ndi nyama yotsala m'galimoto muja, kuti azipita nayo kwawo. Yankho anaima pansi pa mango, lona ali m'manja, osadziwa poika. Galimoto itayamba kusuntha ndinapezeka ndikuithamangira, chitenje chikugwa, ndikumenya galasi.

A Edson anatsitsa galasi. "N'chiyaninso, alamu? Nkhani yatha."

"Musamangoiliza itaima," ndinatero, misozi ili chuchuchu. "Chonde, muziithamangitsa."