Ahedi mu Mtengo wa Azitona

Chaka chilichonse, azitona akangoyamba kuda m'mitengo, atsikana a pa sukulu ya boma ya ku Ait Semgur ankayamba kusowa. Lero mmodzi, mawa awiri, ndipo pofika pakati pa nyengo yozizira mabenchi a mbali ya kuzenera ankangoti pululu. Ena ankabwerera zokolola zikatha, zikhadabo zili bii, masamu atawathawa m'mutu. Ena sankabwereranso.

Nkhaniyi inkawasowetsa mtendere Si Lahbib, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, amene mudzi wonse unkangowatchula kuti ahedi. Kumeneko "Si" ndi mawu aulemu oika patsogolo pa dzina la bambo wophunzira. Anali bambo wa kamimba, wokonda tiyi wa shuga wambiri, ndipo nsapato zawo zinkawala ngakhale tsiku la matope. Pa ulesi panalibe wowanena. Ndiwo anayambitsa zoti ana azilandira buledi ndi mkaka m'mawa, anasandutsa kachipinda kosungiramo matsache kukhala ka mabuku, ndipo masana amayi a m'mudzi ankabwera kudzaphunzira kuwerenga. Zonsezo zinkayenda bwino. Koma azitona ankawagonjetsa chaka ndi chaka.

Chaka chimenechi mtima wawo unali pa Hennou, mwana wa a Bassou. Mtsikanayu anali m'kalasi yomaliza, ndipo mutu wake unkagwira moti samu ikakhala pa bolodi ankaimaliza aphunzitsi asanapukute choko m'manja. Akanakhoza mayeso akanapita ku sekondale ya m'tauni. Mkulu wake anali wanzeru chimodzimodzi, koma anapita kokolola chaka china, ndipo tsopano anali ndi mwana kumsana kuseri kwa phiri. Si Lahbib anali atayesapo kale kulankhula ndi bambo wakeyo.

"Ahedi, ine sukulu sindidana nayo," anatero a Bassou. "Koma manja ndili nawo awiri okha, ndipo mayi akewa msana udawathera. Mukufuna azitona anga adyedwe ndi mbalame? Abwera tikamaliza."

Nthawi yomweyo panalinso vuto lina. Sukuluyo inalibe mpanda, choncho mbuzi zinkalowa n'kudya timitengo ta ana, ndipo chimbudzi cha atsikana chinali chitagumuka mbali imodzi. Simenti inabwera kuchokera ku boma, koma amisiri ayi. Pa msonkhano wa komiti ya makolo anthu anakambirana mpaka tiyi kuzizira, kenaka Si Lahbib anaimirira nati, "Abale anga, tiitane tiwizi."

Mawu amenewa anawamva ali mwana, asanapite kukaphunzira m'tauni n'kukhala munthu wa manja ofewa ngati mtanda wa buledi. Ankakumbukira bwino lomwe kuti munthu akaitana tiwizi mudzi wonse umabwera kudzamugwirira ntchito popanda malipiro, iye n'kuwaphikira chakudya. Mbali inayo anaiiwala, kapena tingoti mutu wawo unasankha zoti ukumbukire. Azibambo anayang'anana, wina anamwetulira, onse n'kuvomera.

Tsiku la ntchitoyo linali lokoma zedi. Abulu anatuta miyala kuchokera kumtsinje, azimayi anatunga madzi akuimba, ndipo Khadouj, mkazi wa ahedi, anaphika kusukusu, chakudya cha timibulu ta ufa wa tirigu, ndi nkhuku m'mbale zazikulu ngati mabeseni. A Bassou, amene pa zomanga analibe mnzawo m'mudzimo, ndiwo ankayala miyala. Si Lahbib ankangozungulira, dzanja limodzi kumbuyo, linalo likujambula zithunzi pa foni zoti akaonetse akuluakulu a maphunziro. Dzuwa lisanalowe mpanda unali utaima, chimbudzi chili ndi chitseko chake cha buluu. Ahedi anathokoza anthu ndi mawu ataliatali okoma.

Atamaliza, a Bassou anasamba m'manja, napukutira ku mkanjo wawo.

"Ndiye Lamlungu likudzali ndi kwathu, ahedi," anatero. "Tiyambira mitengo ya kumtunda. Muvale zoti zikada musadandaule."

Si Lahbib anaseka, kuseka kwenikweni kogwedeza mimba, poganiza kuti ndi nthabwala. Anazindikira mochedwa kuti akuseka okha. Azibambo anatola makasu awo, azimayi anasenza mbale zawo, onse n'kutsanzika mwaulemu wozizira.

Kunyumba Khadouj sanadikire n'komwe kuti avule nsapato.

"Bambo a Samira, mwaseka? Pamaso pa anthu onse aja?"

"Nanga ndikanatani? Munthu akundiuza kuti ndikathyole azitona, ine!"

"Iii, inuyo ndinu ndani, mfumu? Tiwizi anaitana ndani?"

"Koma ndi za sukulu, mayi. Mpandawo ndi wa ana awo omwe."

"Sukulu ili ndi pakamwa? Inaimirira pa msonkhano ndi sukulu? Munaimirira ndinu, ndi kamimba kanuko. Anthu akugwirirani tsiku lathunthu, nanunso mukawagwirire. Mukanati ndi ntchito ya komiti, bwenzi atabwera anthu atatu n'kuthera pomwepo. Munasankha mawu okoka anthu, ndiye musenze ndi mchira wake womwe. Malemu bambo anu akanamva zimenezi, sindikudziwa."

Si Lahbib anachita manyazi kwambiri, ndipo tiyi wa tsiku limenelo sanamumve kukoma. Anakumbukira bambo awo akubwera madzulo kuchokera m'munda wa eni, atatopa koma akuimba, chifukwa eni mundawo anawathandiza kufolera nyumba.

M'mawa mwake anasuzumira m'kalasi yomaliza, napeza malo a Hennou opanda munthu. Kwa a Bassou kukolola kunali kutayamba. Anaima pakhomo paja kwa kanthawi, manyazi a dzulo ndi chisoni cha lero zikusakanikirana m'mutu, kenaka zinthu ziwirizo zinagundana n'kubala nzeru. Ana ataweruka, anakwera njira ya kumtunda.

A Bassou anawalandira monga mlendo aliyense amalandiridwira. Anawayalira mkeka, nathira tiyi kuchokera m'mwamba mpaka thovu kukwera. Anakamba za mvula imene inachedwa, za bulu wa mnansi amene anathyoka mwendo. Si Lahbib anadikira galasi lachiwiri.

"A Bassou, ndinalakwa kuseka kuja. Mundikhululukire."

"Aaa, zatha zimenezo. Anthu a m'tauni mumaseka zambiri."

"Ine si wa m'tauni, mukudziwa. Lamlungu ndibwera, ndipo sindibwera ndekha. Ndibwera ndi aphunzitsi anga. Koma tiwizi ndi manja kubweza manja, si choncho?"

"Ndi momwemo."

"Ndiye manja athu alowe m'malo mwa manja a Hennou. Ife kumunda, iye kusukulu."

A Bassou anaika galasi pansi. Anagwira dzanja la ahedi, nalitembenuza uku ndi uku ngati munthu woyesa nsalu pamsika.

"Manja ake awa? Ahedi, Hennou amadzaza dengu inu musanamalize kumasula zingwe za nsapato."

"Ngati tsiku limodzi silikwana, ndizibwera Lamlungu lililonse mpaka mtengo womaliza."

"Mawu ndiye muli nawo, amenewo sitikukanirani," anatero a Bassou, ndevu zikugwedezeka chifukwa chobisa kuseka. "Tikaonane kumunda. Ndikaona ntchito, ndidziwa chonena."

Kukopa aphunzitsi kunali ntchito payokha. Si Tarik, mphunzitsi wachinyamata wa ku gombe la nyanja amene azitona ankangowadziwira m'botolo, anafunsa ngati zimenezi zili m'malamulo a ntchito. Aphunzitsi aakazi awiri anavomera msanga, makamaka pofuna kukaona ahedi atavala zakumunda. Pomaliza onse anati apita.

Lamlungu kunacha ndi chisanu cholasa m'mafupa. Si Lahbib anafika atavala buluku lakale limene batani lake linakana kutseka, n'kumangidwa ndi chingwe. Pansi pa mitengo panali poyalidwa kale nsalu zazikulu. A Bassou anawapatsa ndodo yaitali, nawalozera mtengo wakale wa thunthu lopindika.

Kukwera kokha kunatenga nthawi. Si Tarik anakankha kumbuyo, Hennou anabisa nkhope m'mpango, ndipo ahedi atakhazikika pa nthambi azimayi analuluta ngati pa ukwati. Poona kuti anthu akuwayang'ana, anayamba kukwapula nthambi ndi mphamvu zawo zonse. Masamba ndi timitengo zinagwa chogwa.

"Ahedi! Ahedi!" anakuwa a Bassou. "Mtengowo wakulakwirani chiyani? Nthambi mukuthyolazo ndi zimene zibereke chaka chamawa! Menyani cham'mbali, pang'onopang'ono, ngati mukukutumula fumbi pa jekete lanu lija."

Anthu anafa nacho chiseko, ndipo ulendo uno Si Lahbib anaseka nawo limodzi.

Kunena zoona, poyamba ntchito yawo inali yomvetsa chisoni. Koma dzuwa litakwera, thupi linayamba kukumbukira zimene mutu unataya. Dzanja linapeza kamenyedwe kake, azitona n'kumagwa pa nsalu ngati mvula ya matalala. Fungo la masamba linawabwezera ku ubwana, ndipo anadzidzimuka atazindikira kuti akuimba nyimbo ya bambo awo, mawu ake onse osaphonya.

Mbiri inali itafika kale kumzikiti ndi ku sitolo kuti ahedi ali mu mtengo. Anthu anayamba kubwera kudzaonerera, wina ndi mwana paphewa, wina ndi ndodo yoyendera. Koma ku Ait Semgur munthu sangaime manja ali m'thumba pamene anzake akugwira ntchito, amaopa kunenedwa. Aliyense wobwera kudzaseka ankapezeka wagwira nsonga ya nsalu kapena wanyamula dengu. Pofika masana munda wa a Bassou unali ndi anthu ochuluka kuposa tsiku lina lililonse chiubzalireni.

Anadya atakhala pansi, buledi wotentha wosunsa m'mafuta atsopano owawa pakhosi. Hennou ndiye ankathirira anthu madzi osamba m'manja. Atafika pa ahedi anaona matuza m'zikhatho zawo, nathira madziwo mosamala.

"Aphunzitsi, zikupweteka?" anafunsa motsitsa mawu.

"Pang'ono chabe. Usauze bambo ako."

"Aona kale," anatero mtsikanayo.

Dzuwa likupendeka, mitengo yonse ya kumtunda inali itatha, matumba atatsamira khoma. A Bassou anayenda mtengo ndi mtengo akuyang'ana m'mwamba. Anathokoza aliyense pomugwira dzanja, ndipo kwa Si Lahbib anangoti, "Mulungu akupatseni mphamvu, ahedi." Za Hennou sanatchule kanthu. Si Lahbib anafuna kufunsa, koma anadziwa kuti kufunsa pagulu n'kumukakamiza munthu kukana. Anatsika phiri mtima uli m'mwamba.

Lolemba anadzuka thupi lonse likulira. Khadouj anachita kuwaveka jekete ngati mwana, akuwaseka kuti akuyenda ngati nkhuku yonyowa. Njira ya ku sukulu, imene masiku onse inali yaifupi, inatalika. Ankadziuza kuti ngati mtsikanayo sabwera, palibe kanthu, mangawa a tiwizi abweza ndipo anthu ayambanso kuwapatsa moni wofunda. Koma ankadzinamiza, ndipo ankadziwa.

Atakhota pa ngodya ya mpanda, anaona a Bassou ataima pa geti. Pambali pawo panali Hennou, tsitsi lopesa bwino, chikwama kumsana.

"Ndabwera naye ndekha kuti musamati ndinanama," anatero a Bassou. "Ntchito yanu ndi yapakatikati, ahedi, koma mumakoka anthu. Mitengo ya kumunsi ikudikira."

Si Lahbib asanathokoze n'komwe, anaona kuti kumbuyo kwa a Bassou kunali azibambo ena. Anali atandanda m'mbali mwa khoma, mikanjo yawo itakutidwa mpaka m'makutu chifukwa cha chisanu, ndipo aliyense anali atagwira dzanja la mwana wake wamkazi. Ena mwa anawo anali asanaoneke pa sukulupo chiyambire kukolola. Mmodzi anali atasowa chiyambire chaka chatha, ndipo aliyense ankati sadzabweranso.

"Nafenso tinanyamula miyala, ahedi," anatero bambo wina wamtali.

"Ine bulu wanga mpaka lero akutsimphina," anatero mnzake. "Koma musaope, mitengo yanga ndi yaifupi."

"Bodza limenelo! Yako ndi imene ili pa phompho ija!" anayankha wamtali uja.

Si Lahbib anayang'ana matuza a m'manja mwawo. Anaganiza za Malamlungu onse a nyengo yozizira, amene ankawathera pa mkeka ndi tiyi pambali, naona kuti apita onse. Kenaka anayang'ana atsikana aja, amene ankasuzumira m'bwalo la sukulu mwamanyazi ngati alendo, ndipo chimwemwe chinawadzaza mpaka maso kuyamba kuyabwa.

"Ana inu, mukudikira chiyani? Belu lalira kale, lowani!" anatero mokalipa, kuti anthu asaone misozi.

Atsikanawo anathamangira mkati, Hennou patsogolo. Si Lahbib anatembenukira kwa azibambo aja, nayesa kukweza dzanja kuti awaloze, koma phewa linakana.

"Inu gwirizanani nokha woyamba ndani," anatero. "Ndibwera kwa nonse. Koma chonde, abale anga, wina andipezereko makwerero."