Maluwa Amene Tabita Ankathena

Ine Marita, maluwa sindinawaonepo ntchito. Chinthu chosadyedwa, chosagulitsika, koma chomwa madzi kuposa mpiru, kwa ine n'kungodzitopetsa. Choncho tsiku limene mng'ono wanga Tabita anatulukira panjira yochokera ku Kasakula atasenza beseni lodzaza dothi, mphasa ndi mapoto atazisiya m'mbuyo, ndinadziwiratu kuti pakhomo pathu pabwera mavuto awiri, lina la boma, lina la m'besenimo.

Unali mwezi wa Novembala, chaka cha 1975. Amuna ake, alamu anga a Andreya, anali aphunzitsi pasukulu ina kuseri kwa phiri. Anawatenga masana, ana akuona, choko chikadali m'manja. Galimoto imene inawatenga inalibe nambala, ndipo anthu amene anatsikamo sananene mlandu. Ena ankanong'ona kuti analandira kalata yochokera kwa mnzawo wothawira kunja, ena ankati ankamvera wailesi yolakwika. Masiku amenewo munthu akatengedwa sunkafunsa kuti ali kuti, ndipo sunkalira, chifukwa kulira kunkaoneka ngati kutsutsa. Sabata isanathe, Tabita anauzidwa kuti atuluke m'nyumba ya sukulu.

Atatula beseni pakhonde, atsibweni athu a Gideoni, amene analinso ankhoswe a ukwati wake, anafunsa kuti dothilo n'lachiyani, ngati kuti kwathu kuno dothi linatha. Tabita anafotokoza. A Andreya ataona kuti aphunzitsi anzawo awiri atengedwa, anadziwa kuti nawonso tsiku lawo layandikira. Anatulutsa timbewu takuda, topyapyala ngati mapiko a inswa, timene anatola m'munda wa maluwa kumishoni kumene anaphunzira. Anatifesa m'beseni patatsala milungu iwiri kuti galimoto ija ibwere. Dzina lake analinena lachizungu, lotalika, ife tinangoti maluwa a aphunzitsi.

"Anati maluwa amenewa safulumira," anatero Tabita. "Amamasula dzinja lachinayi, abuluu ngati buluu wochapira. Ndiye anati, likadzamasula duwa ine ndisanabwere, usadzandidikirenso. Udzauze ankhoswe akusudzule, ukwatiwe."

Atsibweni anagwedeza mutu. "Mwamuna wanzeru ameneyo. Mawu ake tawamva tonse. Tidikira duwalo, likadzamasula nkhani idzathere pomwepo."

Ndikanakhala ine, mawu amenewo ndikanawasunga mumtima. Koma Tabita anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, wopanda mwana, ndipo zaka zinayi zinkaoneka kwa iye ngati nthawi yokwanira kuti munthu wosalakwa abwerere.

Mbewuzo zinakhala milungu isanu osaonetsa kanthu. Ine ndinali nditayamba kale kulakalaka beseni lija, chifukwa linali labwino, losabooka. Kenaka tinamera, timasamba tokhala ngati udzu, khumi ndi kamodzi pa mbewu makumi atatu. Tabita sankadziwa za maluwa, ankadziwa za fodya, monga tonse a m'mapiri muno. Anatimangira kachisakasa ka udzu ngati ka nazale ya fodya. Anathirira m'mawa ndi madzulo mpaka tinayi tinavunda m'tsinde n'kugwa. Analira ngati wafetsa mbuzi. Anaphunzira kupisa chala m'dothi asanathire madzi, ndipo anaboola beseni ndinkalilakalaka lija ndi msomali kuti madzi azituluka.

Dzinja lachiwiri anawokera tisanu ndi tiwiri totsalato kuseri kwa nyumba, pamene dzuwa limafika m'mawa pokha. Mizu yake inali yonenepa, yoyera, yosachedwa kuthyoka, ndiye ankaigwira ngati khanda. Anathira manyowa a m'khola la mbuzi ovunda bwino, anaphimbira ndi udzu, anatchinga ndi minga. Nkhuku zinafukula kamodzi. Nkhono zinadya kena usiku umodzi wa mvula. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankayamba watola nkhono asanasambe kumaso. M'chilimwe chitsime chapafupi chikauma, ankatsika kudambo n'kukwera ndi ndowa kawiri, imodzi yathu, ina ya maluwa. Ine ndinkamuuza poyera kuti msana wakewo adzaufuna akadzakalamba, ndipo maluwawo sadzamuphikira phala.

"Achemwali, inu amuna anu mumawaona tsiku ndi tsiku mpaka amakutopetsani," ankandiyankha. "Ine ndisiyeni ndi angawa."

Za a Andreya sitinamve kanthu. Kalata ayi, uthenga ayi. Anzawo amene ankadya nawo pakhomo pawo, akakumana ndi Tabita pamsika ankayang'ana kumbali. Ngakhale kutchalitchi dzina lawo silinkatchulidwa m'pemphero. Ankangoti "onse amene ali pa ulendo," ndipo Tabita ankavomera ameni mokweza kuposa aliyense.

Chaka chachitatu kunabwera a Lester, telala wa pa Mponela, amene mkazi wawo anamwalira. Anali munthu wabwino, ndisabise, waulemu, wa makina akeake. Atsibweni anawauza za duwa lija, iwo n'kuvomera kudikira. Disembala akafika ankapalasa njinga mtunda wonsewo, kupereka moni, kenaka n'kuzembera kuseri kwa nyumba kukayang'ana masamba aja manja ali kumbuyo ngati mlangizi wa zaulimi. Ndinkaseka, komanso ndinkawamvera chisoni.

Dzinja lachinayi mvula inabwera bwino. Pakati pa phata lalikulu kuposa onse panatuluka kamtengo kobiriwira, kumutu kwake kuli kotupa, kosongoka. Ine ndi amene ndinayamba kukaona, ndipo ndinakondwa, chifukwa ndinkafuna mng'ono wanga akhale ndi banja, abereke, aleke kuyankhula ndi masamba. Iye sanakondwe. Kamtengoko kankatalika tsiku lililonse, iye ankaonda. Galimoto ikangolira kumsewu wa Dzoole ankasiya khasu n'kuthamangira pachulu, kenaka n'kubwerera pang'onopang'ono.

Amene sanalimepo fodya ndiwauze. Fodya akakula amatulutsa nsonga ya maluwa, ndipo mlimi amaibudula ndi zala kuti mphamvu zonse zipite kumasamba. Timati kuthena. Tabita anayamba kuthena fodya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo m'banja mwathu panalibe wa dzanja lachangu ngati iye.

M'mawa wina ndikupita kukataya phulusa, ndinamupeza ataima pa maluwa paja. Anagwira kamtengo kaja ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kupinda. Ndinamva kuti thyo. Zaka zinayi za ndowa zinathera pomwepo.

"Wapenga kodi?" ndinamufunsa.

"Silinamasule, achemwali," anatero, osandiyang'ana. "Anati likamasula. Ili silinamasule."

Ndinamukalipira mpaka pakhosi panauma. Ndinamuuza kuti akudzibera yekha, kuti a Andreya ananena zomveka, kuti sankafuna iye akalambire pakhomo pa mchemwali wake. Anangotola kamutu kaja n'kukakaponya kudzala. Tabita anauza atsibweni kuti yadya ndi mbuzi. Iwo anabwera, anawerama, anayang'ana pothyokapo nthawi yaitali. Munthu wolima fodya zaka makumi anayi sungamunamize pa zimenezi.

"Mbuzi imeneyi ili ndi chala chachikulu," anatero.

Koma anali mkulu wa mpingo, ndipo ananena pamaso pa anthu kuti adikira duwa. Sakanatha kubweza mawu awo. Anauza a Lester kuti apirire chaka china. Chaka chinacho timitengo tinatuluka titatu, ndipo mbuzi ya chala chachikulu ija inabweranso. A Lester anafika, anayang'ana zitsa zitatuzo, anavula chipewa n'kutsazika mwaulemu. Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi tinamva kuti akwatira mtsikana wina wa kwa Dzoole, dzina lake Loyce. Ine ndinakwiya masiku atatu osayankhulana ndi Tabita, tikudyera mbale imodzi.

Chomwe chinkandiwawa n'chakuti maluwawo kuthenako kunawayanja. Masamba anatakata ngati malamba, mapata anachulukana mpaka anadzaza kuseri konse kwa nyumba. Chaka chilichonse timitengo tinkawonjezereka, ndiye ntchito yothena inkakulanso. Ankawathirirabe, ankawathirabe manyowa, ankatolabe nkhono, kenaka Disembala akafika n'kuwadula mitu. Anthu a m'mudzi anasiya kufunsa. Ena ankati mutu wake sukuyenda bwino, koma ine ndinkadziwa kuti ukuyenda bwino kwambiri, vuto lake linali lomwelo.

Mu Disembala wa 1983, tikukonza denga la chigafa cha fodya masana, panafika mlendo wowonda, wopanda mano akutsogolo. Anati dzina lake ndi Filipo, wa ku Mponela, ndipo akufuna mayi a kunyumba kwa a Andreya. Dzina limenelo linali lisanatchulidwe mokweza pakhomo pathu zaka zisanu ndi zitatu. Tinamulowetsa m'chigafa. Anakhala msana atatsamira mzati, maso ali kukhomo, ndipo ankayankhula motsitsa moti tinachita kusendera.

Anati kundende anali m'chipinda chimodzi ndi a Andreya. Anati a Andreya anamwalira ndi chifuwa nyengo yozizira yoyamba, mu Juni wa 1976. Anawanyamula m'bulangete akaidi anzawo, ndipo kumene anaikidwa iye sakudziwa. Ndinawerenga mumtima. Nthawi imeneyo maluwa aja anali akadali m'beseni, masamba atatuatatu.

"Ankakamba za maluwa ena," anatero a Filipo. "Ankati anakusiyirani nthawi yabwino, yosatalika kwambiri. Anandipempha kuti ndikadzatuluka ndidzaone ngati munakwatiwa bwino, ndidzaonenso ana anu. Kodi anamasula, mayi?"

Tabita anali atathena dzulo lake, timitengo khumi ndi tiwiri. Ine ndi amene ndinati, "Sanamasule, bambo. Dothi lathu kuno n'loipa."

Maliro sitikanakhala, chifukwa kalata ya boma inalibe, ndipo munthu amene boma silinanene kuti wafa, iwe sunganene. A Filipo anatipempha kuti tisauze aliyense kuti anafika. Tinalira m'chigafa momwemo, zitenje titaluma. Madzulo ake ndinaona Tabita akufukula kudzala. Anatola mitu isanu imene inali isanafote kwambiri, anaitsuka, anaiimika m'kapu ya madzi pawindo. Ankasintha madzi m'mawa uliwonse. Patatha masiku anayi inafewa n'kuwerama, yosatsekuka ndi umodzi womwe.

Atsibweni, amene tsopano anali oyendera ndodo, titawanong'oneza za imfayo anati zosudzula tichite mwakachetechete, m'nyumba, ndi achibale awiri a kwa a Andreya. Tabita anati tidikire pang'ono. Ine sindinamukakamize. Ndinkaganiza kuti dzinja likubweralo aona yekha duwa la amuna ake, alira mokwanira, kenaka nkhani itha. Chilimwe chimenecho ndinachita chinthu chimene sindinkayembekezera, ndinasenza ndowa za maluwa ndekha iye akadwala. Ndinatolanso nkhono. Ndinkafuna kuona chinthu chimene chinadya unyamata wa mng'ono wanga.

Dzinja litafika timitengo tinatuluka toposa makumi awiri, tonenepa, tofika m'chiuno. Mitu inatupa mpaka khungu lake linawala. Ndinkati masiku awiri atatu basi. Koma Lachinayi m'mawa, ndikutuluka ndi phulusa, ndinamva phokoso lija kuseri kwa nyumba, thyo, thyo, motsatizana ngati m'munda wa fodya.

Sindinakuwe. Mphamvu yokalipa inali itandithera. Ndinangoti, "Tabita, anamwalira. Unamva wekha. Ukudikiranso ndani?"

"Ndinamva," anatero, dzanja likupitirira ntchito. "Koma mtembo sindinauone, manda sindikuwadziwa. Chimene ndatsala nacho ndi mawu awo aja. Likamasula ndiye kuti ine si mkazi wawonso, achemwali. Ndiye ndidzakhala ndani? Zaka zonsezi ndinkachita chiyani?"

Ndinamuyang'ana bwinobwino. Imvi zinali zitayamba pamwamba pa makutu, manja atalimba ngati a amayi athu. Anasonkhanitsa mitu ija m'chitenje, anapita nayo kudzala.

Nditatsala ndekha ndinaona kamtengo kamodzi kamene sanakaone, kafupi, kobisala pakati pa masamba ndi khoma. Khungu la mutu wake linali litang'ambika kale, ndipo pong'ambikapo pankaoneka timaluwa tothithikana, tabuluu ndithu monga ananenera a Andreya. Dzuwa la tsiku limenelo likanakwanira. Ndikanangochokapo osanena kanthu, mawa lake atsibweni akanaitana anthu.

Ndinamva mapazi ake akubwerera. Ndinaika pansi chiwaya cha phulusa, ndinagwira kamtengoko ndi zala ziwiri, n'kupinda. Kamutuko ndinakabisa m'chitenje.

"Ndatha onse, achemwali?" anafunsa Tabita.

"Watha onse," ndinatero. "Tenga ndowa, tipite kudambo."