Chiwongolero cha a Habib

"Taonani, chala chimodzi!" anatero a Nizam, akupotoza chiwongolero ngati akutakasa tiyi. "Galimoto yamakedzana chiwongolero n'kupepuka chonchi? Achimwene anaiwononga iyi."

Linali tsiku la sadaka ya malemu a Habib, anthu atangobalalika. Mikeka inali isanapindidwe pabwalo la nyumba yawo ku Soche, koma mng'ono wawoyu anali atalowa kale m'shedi, atavundukula lona, n'kuliza galimoto yofiira ya mipando iwiri, yopanda denga, yomwe malemuwo anaigula yakufa ku esiteti ina ya tiyi. A Nizam ndi dalaivala wa mathiraki, ndipo munthu wa thiraki kumuuza za galimoto ndiye kuti wamutukwana.

Shamila, mwana yekhayo wa malemu, anaima pakhomo la shedi, dzanja lamanzere atalibisa mumpango. Dzanjalo linafooka pangozi ya minibasi ku Limbe, zala sizigwiranso zolimba. Chichitikireni ngoziyo sanakhalenso pachiwongolero, mtsikana amene anadziwa kusintha magiya asanadziwe kukazinga dzira.

"Mawa ndibwera ndi a Zakir a ku Mbayani adzaikoke," anapitiriza a Nizam. "Akaiphwasule. Ikakhala pano izingokulizani."

Shamila mtima unamupweteka. Fungo la girisi m'shedimo linali la bambo ake, ndipo akaichotsa galimotoyo ndiye kuti awaikanso m'manda kachiwiri.

"Bambo aang'ono, ababa amaikonzera mpikisano wa mwezi wamawa. Uja wokhotakhota pakati pa zizindikiro, pabwalo la ku Limbe."

"Mpikisano! Munthu wodwala mtima, imvi mbuu? Achimwene nawonso, Allah awakhululukire, anali ndi chibwana. Nanga ichi n'chiyani?" Anagogoda kamtengo kobulungira komangidwa pachiwongolero, chakumanja. "Zidole basi."

Mayi Rania, mkazi wa malemu, anali pawindo. Pokhala ali pa eda, nyengo yolira mwamuna wawo, sankatuluka, koma makutu awo ankafika paliponse.

"Alamu, mawondo anu akugunda pachiwongoleropo, simukudabwa? Akulu anu anali aatali ngati inu nomwe."

A Nizam anayang'ana miyendo yawo. Zoonadi, anali atapindika ngati wokwera minibasi mpando wakumbuyo. Anayesa kukankha mpandowo, koma unali womangidwa ndi mabawuti atsopano.

"Anasintha zitsulo zonse zokhotetsa matayala," anatero mayiwo. "Anazungulira Limbe yense kusaka kamakina kopeputsa chiwongolero, mpaka nsapato kutha. Ankati pampikisano umenewu ukangoika giya yachiwiri, zotsalazo ndi dzanja limodzi. Anandiletsa kunena. Tatsikani alamu, mwanayo akhalepo."

"Ayi amayi, ine sindingathe," anatero Shamila.

"Ndani wati uyendetse? Ungokhalapo."

A Nizam anatsika. Shamila analowa. Mapazi ake anafika pomwe anayenera kufika, msana n'kutsamira bwinobwino. Atagwira kamtengo kaja, zala zake zinagwera m'timaenje tosemedwa, chala chilichonse pamalo pake.

Pomwepo anakumbuka. Tsiku lina bambo ake anabwera ndi dongo lonyowa m'pepala, akuti alifinye, kulimbitsa dzanja. Iye anaseka. "Ababa, lodwala ndi ili, lamanzere!" Iwo nkhope gwa: "Dokotala ndine. Finya ndi lamanja." Atafinya, anatenga dongolo mosamala ngati dzira, n'kupita nalo kushedi akuimba mluzu.

Shamila analira, kulira kwenikweni kumene sanalire tsiku la maliro. Koma kamtengoko sanakasiye.

A Nizam anatsokomola, napukuta m'maso ndi chipewa chawo, akuti utsi wa injini. Kenaka anagwada, n'kusuzumira kuseri kwa tayala lakutsogolo. Sipanala inali pansi pomwepo, pamene mkulu wawo anaisiya.

"Bawuti imodzi sanamalize kumanga," anatero. "A Zakir asavutike. Mpikisanowo wati ndi liti?"

"Mwezi wamawa, bambo aang'ono."

"Insha Allah tikafika. Takhotetsa ndione."

Shamila anatulutsa dzanja lamanzere mumpango n'kuliika pa giya. Ndi lamanja anazunguza kamtengo ka bambo ake, ndipo matayala onse awiri akutsogolo anatembenukira kugeti.