Waya Wobiriwira wa a Zangaphee

A Zangaphee Banda a ku Zemba anali ndi pikapu yakale imene ankanyamulira mtedza ndi thonje kupita ku boma la Chadiza. M'chaka cha 1994 anapita ku Chipata kukagula tayala, koma anabwerako ndi kabokosi. M'katimo munali chinthu chozungulira ngati wotchi, chagalasi, chokhala ndi muvi wofiira.

"Ichi chimaonetsa liwiro la injini," anauza akazi awo, a Lonia. "Madalaivala a minibasi onse akuchisirira."

"Kodi injiniyo simuimva ndi makutu? Ife timaimva ikadali kudambo."

M'mawa mwake a Zangaphee anapita kumsika kwa mlamu wawo Dyson, mchimwene wa a Lonia, amene ankakonza mawailesi ndi njinga. Dyson anatembenuza wotchiyo n'kupeza mawaya anayi.

"Izi n'zochepa, alamu. Wofiira apita kumoto, wakuda kuchitsulo, woyera kunyali. Wobiriwirayu ndi amene amamva kugunda kwa injini. Tingopeza mnzake wobiriwira m'galimotomu, basi."

Atatsegula boneti, sanaone waya wobiriwira ngakhale mmodzi. Mwini wake woyamba wa pikapuyo anali atachotsa mawaya onse akale n'kuika ake a mtundu umodzi. Paliponse panali pofiira pokhapokha.

Dyson anasankha waya wina, anamusenda ndi mano n'kulumikiza. Injini italira, muvi sunagwedezeke. Koma a Zangaphee atayatsa indiketa pokhotera kuchipatala, muvi unayamba kudumpha.

"Wayamba!" anakuwa.

Atawongola chiwongolero, muvi unagonanso. Anazungulira boma lonse akukhotera kumanzere kokhakokha kuti auone ukudumpha, mpaka Dyson anavomera kuti analakwitsa waya.

Tsiku lachiwiri Dyson anati liwiro la injini liyenera kudutsa m'chingwe chonenepa chopita ku pulagi. Anachigwira injini ikulira, magetsi n'kumumenya. Anthu ogulitsa tomato anangoona munthu akuuluka chafutambuyo n'kukagwera m'dengu la anyezi, uku akuitana amayi ake amene anamwalira kalekale. Atadzuka anati dzanja lake laphunzirapo kanthu, ndipo anasankha waya wina woonda pansi pa chiwongolero. Anamusenda, analumikiza, n'kumanga ndi kamphira ka chubu cha njinga. Muvi sunayende ndithu, koma nthawi inali itatha, chifukwa Loweruka a Zangaphee anali atalonjeza kunyamula amayi a Chigwirizano kupita kumsonkhano wa tchalitchi ku Pembamoyo.

Amayi khumi ndi awiri anakwera kumbuyo atavala mayunifolomu awo ochapa bwino. Dyson anakhala kutsogolo ndi pulayala m'thumba. Pa dzenje loyamba la mumsewu, hutala inalira yokha. Pa lachiwiri inaliranso. Waya amene Dyson anasenda uja anali wa hutala, ndipo galimoto ikagwedezeka ankakhudza chitsulo.

Msewu umenewo uli ndi maenje ambiri kuposa malo osalala. Anthu a m'midzi anatuluka m'nyumba poganiza kuti ukudutsa ukwati. Ena analulutira, ena anafunsa kuti mkwatibwi ndi uti pakati pa amayi onsewo. Bambo wina wapanjinga anapatukira m'tchire ndi thumba lake la chimanga, ngakhale galimoto inali idakali kutali. Kenako hutala inangolira osalekeza, ndipo a Zangaphee anaimitsa galimoto pansi pa mtengo wa mango.

A Mailesi, mayi wachikulire wa m'gululo, anatsika pang'onopang'ono. Anakasuzumira pansi pa chiwongolero n'kukoka waya mmodzi. Kunagwa bata.

"Kodi mukufunafuna chiyani, a Banda?"

A Zangaphee anafotokoza mwamanyazi. Dyson anayamba kunena zoti nkhani yamagetsi ndi yovuta, koma a Mailesi anali atapinda kale manja a bulauzi.

"Malemu amuna anga anali makaniko ku Kitwe. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinkawagwirira tochi. Inu a Dyson, zulani babu la kumbuyoko, mundipatsenso tiwaya tiwiri."

Anamangirira tiwayato pa babu, kamodzi n'kukhudzitsa chitsulo cha galimoto. Kenako analoza chinthu chakuda chooneka ngati botolo pambali pa injini.

"Iyi ndi koyilo. Chingwe chachikulu chapakatichi musachigwire."

"Ndikuchidziwa," anatero Dyson.

"Ili ndi timisomali tiwiri m'mbali. Lizani injini, a Banda."

Pa kamsomali koyamba babu linayaka n'kukhala choncho. Pa kachiwiri linayamba kuphethira ngati diso lolowa fumbi.

"Ndi pamenepa. Pamene pakuphethira ndi pamene injini ikuwerengera."

Dyson anamangapo waya wobiriwira uja. Muvi unanyamuka bwinobwino n'kuima pafupi ndi 1. A Zangaphee ataponda mafuta, unakwera. Amayi anaomba m'manja, ndipo a Zangaphee anagwira dzanja la a Mailesi ndi manja awiri n'kuwaitana kuti akhale kutsogolo. Dyson anakwera kumbuyo.

Atayenda pang'ono, muvi unafika pa 3.

"Kodi 3 ameneyu akutanthauza chiyani, amayi?"

"Injini ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi."

A Zangaphee anachotsa phazi pa mafuta ngati aponda njoka.

"Pa mphindi imodzi? Injini yanga yokalambayi? Zaka zonsezi ndakhala ndikuizunza chonchi osadziwa?"

A Mailesi anayesa kuwauza kuti injini iliyonse imatero, koma iwo sanamve. Analumbira kuti muvi sudutsanso pa 1, ndipo maso awo sanachokenso pagalasipo. Pikapu inayamba kukwawa. Ngolo ya ng'ombe inawapitirira, mwini wake n'kufunsa ngati akufuna kukokedwa. Pa chitunda chomaliza amayi anatsika mmodzimmodzi, ndi a Mailesi omwe, n'kuyamba kuyenda pansi akuimba.

A Zangaphee ndi Dyson anafika ku Pembamoyo nthawi ya chakudya chamasana itadutsa. Anapeza a Mailesi atalalikira kale, ndipo amayi onse anali atagwirizana kuti pobwerera ayenda wapansi kudzera njira yachidule ya m'minda.