Maliro a Fraser Opanda Kwaya

Fraser anafa Lachiwiri masana, lole itamuomba ali pa njinga yake ya kabaza pafupi ndi Namadzi. Pofika Lachitatu m'mawa, mudzi wonse unali utadziwa kale kuti maliro ake saimbidwa.

Anabweretsa uthengawo ndi a Kalinde, wapampando wa mphakati wa ku tchalitchi. Anakhala pakhonde, chipewa pabondo, n'kumayankhula mofatsa ngati munthu wachifundo.

"Mnyamatayu anasiya kupemphera chaka chachitatu chino. Nanga zokuwa zake zija tonse sitimazimva? Kwaya sitingaitulutse, mayi. Mutikhululukire."

Veronika, mchemwali wake wamng'ono wa malemuyo, anamva zonsezo ali kuseri kwa chitseko. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo m'kwayamo ndiye ankatsogolera nyimbo. Maliro a anthu angati anali ataimbako iye? Zidakwa, mbava za mbuzi, ngakhale a Goliati amene ankamenya akazi awo, onsewo anapita ndi nyimbo chifukwa Lamulungu ankaoneka m'tchalitchi. Koma achimwene ake apite duu, ngati akukwirira galu. Mtima unamuwawa.

Mlandu wa Fraser unali gitala. Analigula lakale ku Limbe, lofiira, lamagetsi, ndipo ankalilumikiza ku sipika ndi batire ya galimoto. Akaweruka ku kabaza ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuliza nyimbo za roko, zija gitala limalira ngati chigayo chikuvutika ndi chimanga chosauma. Nkhuku zinkathawa. Anthu opita kuchigayo chenichenicho ankadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kumanong'onezana kuti mwana wa a Gertrude walowa za satana. Amayi akewo tsiku lililonse mawu anali amodzimodzi:

"Tsitsa, Fraser! Tsitsa chinthucho, ukundipweteketsa mutu!"

Veronika yekha ndiye ankakhala pafupi. Fraser anamuphunzitsa kugwira nsambo mpaka zala zinachita matuza.

"Osamalinyengerera ngati la kutchalitchi, Vero. Menya! Chikukuwawa chani mumtimamo? Chimenecho ndiye uchitulutse."

Itakwana nthawi yonyamula bokosi, Veronika analowa m'chipinda cha achimwene ake n'kutenga gitala lija. Pakhomo anakumana ndi Eluby, mnzake wa m'kwaya.

"Iwe, wapenga? Ukangoyerekeza, m'kwaya usadzapondemonso. A Kalinde anena kale."

"Akhale nayo kwaya yawoyo," anatero Veronika, ngakhale kwayayo ankaikonda zedi.

Ana a amalume ake anamunyamulira sipika ndi batire. Ulendo wa kumanda unali wochititsa manyazi. Kunkangomveka mapazi ndi chifuwa cha wina kumbuyo. Anthu omwe ankadziwa nyimbo zonse za maliro anayenda milomo ili gwa, maso pansi.

Adzukulu atatsitsa bokosi, Veronika anatuluka pakati pa amayi n'kukaima pa mulu wa dothi lofiira. Anthu anayamba kung'ung'udza. Iye analumikiza mawaya monga ankachitira Fraser, n'kupotokola kabatani.

Zii.

Anapotokolanso, anagwedeza waya, anamenya sipika ndi chikhatho. Apa m'pamene anakumbukira. Masiku awiri onsewo batire ija inali pasiwa, ikuyatsa babu ndi kutchaja mafoni a anthu obwera pamaliro. Anthu omwewo amene anakana kumuimbira anali atamumwera moto wake wonse.

Wina anaseka, kenako n'kusandutsa chifuwa. A Kalinde anakodola adzukulu kuti ayambe kukwirira.

Veronika sanachoke. Anamenya nsambo ndi mphamvu zake zonse, nyimbo ija Fraser ankaikonda kuposa zonse. Koma gitala lamagetsi lopanda moto ndi thabwa chabe. Linkangoti nyi-nyi-nyi ngati udzudzu, ndipo dothi logwera pabokosi linkamveka kuposa ilo. Chala chinang'ambika, magazi anadetsa nsambo, iye osasiya. Apo anadziwa kuti kwaya yapita, ubwana wapita, ndipo palibe wamkulu aliyense amene abwere kudzakonza zinthu.

A Gertrude anali atakhala pansi chapafupi, amayi awiri atawagwira m'mapewa. Chifikire uthenga wa ngozi anali asanayankhule ndi munthu. Tsopano anadzutsa mutu, natchera khutu ngati akumva munthu akuitana kutsidya kwa mtsinje. Anakwawa ndi maondo mpaka pamapazi pa mwana wawo, namugwira chitenje.

"Kweza, mwanangu," anatero. "Kweza pang'ono, sindikumumva."